Holide yaikulu isangopita: momwe wophunzira wa sekondale angaphunzirire ntchito pa mabizinesi a kwathu ku Dedza

Sukulu zikatsekera chakumapeto kwa Julaye, kuno ku Dedza kumakhala kukadazizira, kamphepo kochokera kuphiri kakulowa mpaka m'mafupa. Chimanga chili kale m'matumba, mvula ikadali kutali, ndipo amene kwawo alibe dimba alibenso chochita chenicheni. Ndiye ophunzira athu ambiri mwezi wathunthu ndi masabata ake amangouthera pa bawo, pa pool kapena pa foni, kudikira Sepitembala. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, ndipo chaka chilichonse ndimawauza ana anga a fomu 3 zomwe ndikulemba panozi. Ena amamva, ena amaseka.

Ndikunena zopita pa golosale, kwa telala, kwa kalipentala kapena pa shopu yokonza mafoni kukathandiza uku ukuphunzira. Usazisokoneze ndi ganyu. Pa ganyu umalima ndime, akulipira, mwasiyana. Apa chimene ukukafuna ndi luso ndi dzina: kuti pa tauni pano pakhale munthu wamkulu mmodzi amene anganene kuti, "Mwana ameneyu ndinamusiyira kabati ya ndalama, sipanasowe kanthu." Mawu amenewa sagulidwa, ndipo MANEB siwalemba pa satifiketi.

Choyamba: werenga zaka zako

Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Wa zaka zoyambira 14 mpaka 18 akhoza kugwira, koma osati ntchito yoika pachiswe moyo wake, thanzi lake, khalidwe lake kapena sukulu yake. Lamulo lomwelo limafunanso kuti wolemba ntchito azisunga kaundula wa onse osakwana zaka 18 amene ali pamalo pake. Ndipo kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale ndevu zitayamba kumera.

Tanthauzo lake ndi lakuti malo ena uwachotseretu m'mutu. Bala, ayi. Malo ogona alendo usiku, ayi. Kupopera mankhwala a chiwawu m'munda wa mbatatesi wa munthu, kusankha fodya, kusenza matumba a makilogalamu 50 kukweza m'lole, kuima pafupi ndi lamba wa chigayo, zonsezi si za msinkhu wako ngakhale ndalama yake ikuoneka yokoma. Kabaza wa njinga yamoto ndiye usayerekeze. Ndaikapo maliro a ana a sukulu okwanira.

Ngati wakwanitsa zaka 16 koma ulibe chiphaso cha unzika, kalembetse. Eni bizinesi ozindikira amafuna kuona zaka zako papepala.

Chachiwiri: yenda ndi maso usanapemphe

Tenga masiku awiri kapena atatu sukulu isanatsekere, uyende pa tauni yako, kaya ndi pa boma, pa Linthipe, pa Chimbiya, pa Bembeke, pa Lobi, pa Mayani kapena kumunsi ku Golomoti ndi Mtakataka. Usangoyang'ana shopu yokongola. Yang'ana pamene anthu akulowa ndi kutuluka, pamene mwini wake akuoneka kuti manja amuchepera. Shopu yomwe mwini wake amangokhala pakhonde kuwodzera ilibe choti ikuphunzitse, ndipo ilibe chifukwa chokutengera.

Malo aliwonse ali ndi phunziro lake. Pa golosale uphunzira ndalama, sitoko ndi anthu. Kwa telala uyamba ndi kusita, kusokerera mabatani ndi kupinda mpendero, kenako tepi yoyezera. Ndipo Ogasiti ndi nthawi yabwino chifukwa makolo amayamba kusoketsa mayunifolomu a chaka chatsopano. Kwa kalipentala uyamba ndi sandipepa ndi vanishi, ndipo matabwa a paini kuno sitisowa. Kwa wokonza njinga uphunzira kumata chubu ndi kuwongola masipoko, luso lomwe limadyetsa munthu pamudzi paliponse. Pa shopu yofotokopa ndi kutaipa ndi pamene wophunzira wa sekondale yoyendera angagwire kompyuta tsiku lonse osalipira kanthu. Pa lesitilanti uphunzira ukhondo ndi changu, ngakhale kunena zoona masiku oyamba udzangotsuka mbale ndi kusenda mbatatesi.

Nyengo nayo uiganizire. Shopu zogulitsa mbewu ndi feteleza zimadzaza kuyambira Okotobala mpaka Disembala, ndiye zimenezo n'za holide ya Khirisimasi. Ukapezako malo, khala pa kaundula ndi pa malisiti, mabotolo a mankhwala uwasiyire akuluakulu. Misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 ngati Lizulu ndi Tsangano Turn-off, kumene magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaima kugula mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi, siigona chaka chonse.

Pali malo otchuka monga Dedza Pottery, kapena KuNgoni ku Mua kwa amene amakonda zosema. Malo otere amakhala ndi dongosolo lawolawo, ndiye ngati mtima wako uli komweko, lemba kalata kudzera kwa ahedi nthawi ikadalipo. Koma usaikepo mtima wonse. Ambiri mwa inu mwayi wanu uli pa shopu ya zitseko ziwiri yomwe mumaidutsa tsiku lililonse popita kusukulu.

Sankha malo atatu, oti ukhoza kufikako wapansi kapena pa njinga. Ntchito yofuna minibasi m'mawa ndi madzulo idzadya ndalama za makolo, ndipo sabata yachiwiri udzayamba kujomba.

Chachitatu: usapite wekha kukapempha

Yamba ndi kunyumba. Uza mayi, bambo, agogo kapena amene akukulera, uwafotokozere malo amene wasankha. Akhoza kudziwa za mwini shopuyo zomwe iwe sukudziwa. Akakana malo ena osafotokoza bwino chifukwa chake, usalimbane nawo. Akuluakulu zina satchula pamaso pa ana.

Kenako mupite limodzi. Mwana akabwera yekha, mwini bizinesi amaganiza ziwiri: kapena wathawa kwawo, kapena akudzaona pomwe pamakhala ndalama. Akabwera ndi kholo, zinthu zimasintha, chifukwa tsopano pali khomo lomwe angakagogode pakavuta. Ngati makolo ali kutali, pempha mphunzitsi wa kalasi yako akulembere kakalata kokhala ndi chidindo cha sukulu. Ine ndalembapo ambiri, sindinakanepo.

Nthawi yopitira ndi yofunika. Osati tsiku la msika, osati m'mawa pamene akutsegula. Cha m'ma 2 koloko masana, anthu atachepa, ndi pamene munthu amamva zonena za mnzake. Vala zoyera, osati za kutchalitchi, koma osatinso kabudula wa mpira. Foni ikhale m'thumba.

Muloleni wamkulu ayambe. Kwathu kuno timadziwa kayankhulidwe kake: "Odi, aPhiri, mwaswera bwanji? Ife tabwera ndi mwana wanuyu. Sukulu atsekera, ndiye tinati m'malo momangoyendayenda abwere adzaphunzireko ntchito kwa inu." Akakutembenukira, yankha ndi mawu omveka, osati a m'mphuno: "Bambo, ndili fomu 3. Ndikupempha kuti ndizibwera kudzathandiza pa holide ino mpaka sukulu itatsegulira. Masamu ndimayesetsa, kusesa ndi kulongedza ndikhoza." Basi. Usalonjeze zomwe sudziwa. Ukanena kuti kompyuta umaitha pomwe unangoiona pa ofesi ya ahedi, adzakugwira tsiku loyamba lomwe.

Akakana, thokoza, upite pa malo achiwiri aja. N'chifukwa chake ndinati atatu.

Kwa m'bale kapena kwa mlendo? Kwa malume n'kosavuta kulowa, ndipo ine ndinayambira komweko. Koma kalata yochokera kwa munthu amene si m'bale wako imalemera kwambiri mtsogolo, chifukwa aliyense amadziwa kuti malume sanganene zoipa za mphwawo pagulu.

Chachinayi: mugwirizane zonse ntchito isanayambe

Apa ndi pamene anthu ambiri amachita manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene amabala milandu. Akavomera, kholo lako likadali pompo, funsani zinthu izi ndipo uzilembe m'kope: udziyamba nthawi yanji ndi kuweruka nthawi yanji, masiku angati pa sabata, tsiku lomaliza ndi liti, nkhomaliro udzidya kuti, ntchito zako ndi ziti, ndipo ngati pali kangachepe ka sopo, ndi zingati ndipo azikupatsa liti.

Za nthawi yoweruka ndikakamire pang'ono. Miyezi ya Julaye ndi Ogasiti dzuwa limalowa msanga. 6 koloko isanakwane kunja kwada. Wophunzira, makamaka mtsikana, aziweruka cha m'ma 4 koloko kuti akafike kunyumba kukuwala. Tsiku lopemphera likhale lako, ndipo usiyeko tsiku lina limodzi la mabuku ndi ntchito za pakhomo. Mayi ako sanasiye kufuna madzi ndi nkhuni chifukwa choti iwe wayamba "ntchito".

Za ndalama, maganizo anga ndi awa. Ena amapereka, ena amangokudyetsa nsima masana. Ngati ukuphunziradi luso, monga kusoka kapena kukonza mafoni, nsima ndi lusolo ndi malipiro okwanira kwa masabata ochepawa, paja ena amachita kulipira kuti aphunzitsidwe. Koma ngati akuika pa ntchito yomwe akanalembapo munthu wamkulu, m'mawa mpaka madzulo, masiku onse, ndipo palibe chatsopano chomwe ukuphunzira, kumeneko ndi kudyera mwana masuku pamutu. Eni mabizinesi amene mukuwerenga, mukudziwa kusiyana kwake.

Funso lomaliza, lomwe ambiri amaiwala: kanthu kakasweka kapena ndalama ikaperewera, zidzatha bwanji? Lifunseni lero pamene aliyense akuseka. Ndi pomwenso upemphe kuti masiku oyamba asakusiye wekha ndi ndalama.

Chachisanu: sabata yoyamba

Fika mwini wake asanafike. Akati 7 koloko, pofika 7 koloko tsache likhale lili m'manja. Palibe chimene chimagula mtima wa munthu wa bizinesi msanga kuposa kupeza pakhonde posesa kale.

Masiku oyambawa ntchito yako yaikulu ndi maso ndi makutu. Tenga kope laling'ono lokwana m'thumba. Lemba mitengo ya katundu yense, shelefu ndi shelefu, ukaiwerenge madzulo ngati ukukonzekera mayeso a Biology. Lemba mayina a zida ngati uli kwa mmisiri. Ona momwe mwini wake amalonjerera anthu, amene amawapatsa mpando, amene amawayankha mwachidule. Chomwe sukudziwa funsa, koma sankha nthawi: kasitomala akachoka, osati pakati pa malonda. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Udzatumidwa zinthu zooneka zonyozeka: kukataya zinyalala, kukagula makala, kutsuka kapu ya tiyi ya abwana. Pita. Ophunzira a sekondale tili ndi kamatenda kena, kodziona ngati tapitirira tsache chifukwa timadziwa Chingerezi. Wantchito amene wamupeza pamalopo mwina analekezera sitandade 6, koma amadziwa ndi dzanja lokha kuti thumba ili silikukwana kulemera kwake. Umutche achimwene kapena achemwali, umumvere. Akakukonda ameneyo, adzakuphunzitsa zomwe abwana alibe nthawi yokuuza. Akakuda, sukhalitsa.

Anzako a kusukulu asasandutse shopu ya eni kukhala bwalo lochezera. Ukawauze wekha tsiku loyamba.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama za eni

Pano ndikhalitsapo, chifukwa dzina lija ndinanena limamangidwa kapena kugumuka pomwepa.

Ndili fomu 3, mayi ananditumiza kwa malume amene anali ndi golosale pa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique. Sabata yachiwiri malume anapita ku Ntcheu kukaoda katundu, n'kundisiya ndekha. Cha m'ma 10 koloko kunabwera bambo wina wovala jekete labwino, nsapato zopolisha. Anandiitana ndi dzina langa, n'kuwatchula malume ndi mfunda wawo. "Mphwanga, tinakambirana kale dzulo ndi amalume ako. Undipatse shuga mapaketi asanu ndi botolo lalikulu la mafuta, ndalama ndibweretsa madzulo." Ndinaona kuti kukana munthu wamkulu wodziwa dzina langa ndi mwano. Ndinalongedza bwinobwino mu jumbo, mpaka kumuthokoza.

Malume atabwera sanakalipe. Anatenga kope la ngongole lomwe linkakhala pansi pa sikelo, lakuda ndi mafuta m'mphepete, n'kulitsegula patsogolo panga. "Tandisonyeza pamene walemba." Panalibe. "Dzina lake ndani?" Sindinadziwe. "Amakhala kuti?" Ndinangoyang'ana pansi. Anatseka kopelo n'kunena kuti, "Ngongole yosalemba ndi mphatso. Wapereka mphatso ya katundu wanga." Dzina langa munthu uja anangolimva pamene malume ankandiitana pakhonde dzulo lake. Sitinamuonenso. Kuyambira tsiku limenelo mpaka holide kutha, madzulo aliwonse ndinkawerenga sitoko yonse, sopo mmodzimmodzi, malume atakhala pa mpando kumvera wailesi.

Ndiye malamulo ake ndi awa, ndipo ndinawagula modula.

Ngongole si yako kupereka. Kaya ndi mfumu, kaya ndi abusa, kaya ndi mphunzitsi wako, yankho ndi limodzi: "Pepani bambo, eni ake kulibe, ine sanandilole. Ndiwaimbire?" Wachilungamo amadikira. Wakuba amakwiya n'kuchoka.

Polandira ndalama, pepala la kasitomala usaliponye m'kabati msanga. Liike poonekera, upereke chenje ukuwerenga mokweza, kenako ndiye ulisunge. Pali anthu amene amapereka K2,000 n'kumaumirira kuti anapereka K5,000. Pali ena amene amagula kanthu kakang'ono ndi pepala lalikulu, chenje chili m'manja n'kusintha maganizo, kubweza katundu, kupempha kuti uwaphwanyire ina, mpaka mutu wako utazungulira. Ukaona zayamba kusokonekera, imitsa zonse, bweza ndalama yake, tenga katundu ndi chenje chako, muyambirenso. Usachite manyazi kuchedwa.

Misika ya m'malire imabwera ndi anthu okhala ndi ndalama ya ku Mozambique, metical. Usalandire pokhapokha mwini shopu atakuuza yekha kuti amalandira ndipo pa mtengo wanji.

Ngati pamalopo pali Airtel Money kapena Mpamba, chenjera kawiri. Uthenga woti ndalama yalowa uziuona pa foni ya shopu, osati pa foni ya kasitomala, ndipo uziona kumene wachokera: wabodza umachokera pa nambala wamba ngati ya munthu. Potumiza, werenga dzina lomwe latuluka mokweza, kasitomala avomere, ndiye utsirize. Wina akaimba kuti ndi wa ku kampani ya mafoni, akufuna PIN kapena akuti udine manambala akutiakuti, dula foni. Kunena zoona, ine sindikondwera kuti wophunzira apatsidwe PIN ya ejenti n'komwe. Ulembe m'kaundula, uwerenge ndalama, koma kudinako adine eni ake.

Ndalama yako usaisakanize ndi ya shopu. Ngati wabwera ndi K1,000 ya m'thumba, uwaonetse m'mawa. Ukafuna bisiketi, gula ngati kasitomala wina aliyense, pamaso pawo. Kutola siwiti imodzi kumaoneka ngati si kanthu, koma mwini shopu amadziwa kuchuluka kwa siwiti m'botolo kuposa momwe ukuganizira, ndipo sadzakuuza kuti waona. Adzangosiya kukukhulupirira.

Ukalakwitsa, ulule tsiku lomwelo iwe mwini, asanatulukire okha. Kuperewera kwa chenje kumakhululukidwa. Kubisa ndiye ayi.

Chachisanu ndi chiwiri: makasitomala

Lonjera aliyense, ngakhale mwana wotumidwa machesi. Agogo akamawerenga ndalama zawo pang'onopang'ono kuchokera pa mfundo ya chitenje, dikira, usawalande kuti uwerenge iwe. Perekera ndi manja awiri. Wina akakalipa chifukwa cha mtengo, usayankhe mokweza, mitengo sunaike ndiwe; itana eni ake. Ndipo zomwe wamva m'shopu, amene ali ndi ngongole, amene wagula chiyani, zitsale momwemo. Tauni zathuzi n'zazing'ono.

Chachisanu ndi chitatu: funsa masamu a bizinesiyo

Sabata yachitatu ikamafika, manja azolowera, ndipo apa ambiri amangoyamba kugwira ngati makina. Iwe pita patsogolo. Tsiku lina kukakhala zii, funsa mwaulemu: katunduyu mumaoda kuti? Mtengo mumauika bwanji? N'chiyani chimayenda msanga, n'chiyani chimagona pa shelefu? Ena sadzakuuza zonse, ndipo ndi ufulu wawo. Koma ambiri amakondwa kuona mwana wofuna kudziwa.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Mayi wa pamsika waoda ndowa ya tomato pa K20,000. Wapanga milu 30, uliwonse K1,000. Wophunzira wothamanga anena kuti phindu ndi K10,000. Koma mayiyo analipira K2,000 yonyamulira, K500 ya tikiti ya msika ndi K500 ya majumbo. Tomato wina anaphwanyika pansi pa ndowa, wina anapita ngati basela, ndiye milu yogulitsidwa ndi 26 yokha. Ndalama yolowa ndi K26,000, yotuluka K23,000. Phindu ndi K3,000, tsiku lonse padzuwa, ndipo m'menemo ndi momwe muchokere ndiwo za madzulo. Akadya K5,000, wadya mpamba, mawa ndowa siidzadza.

Ukamvetsa zimenezi, Masamu ndi Business Studies zimasiya kukhala nkhani za pa bolodi. Udzamvetsanso chifukwa chimene mayi ako amapumira m'mwamba ukawapempha ndalama ya bandulo.

Madzulo aliwonse lemba mizere itatu m'kope lija: chomwe wachita lero, chatsopano chomwe waphunzira, chomwe chinakuvuta. Mphindi zisanu zokha. Kopeli lidzagwira ntchito kumapeto.

Chachisanu ndi chinayi: dziwa pomwe uyenera kusiya

Si malo onse abwino, ndipo kupirira kuli ndi malire. Ngati akukugwiritsa mpaka usiku mosiyana ndi mgwirizano, akukumenya, akukutukwana pagulu tsiku ndi tsiku, akukutuma kuwoloka malire ndi katundu wozembetsa, kapena akukuuza kuti upusitse sikelo, uza makolo tsiku lomwelo, ndipo usabwerere.

Atsikana, ndi anyamata omwe, mvetsani ichi. Bwana kapena wantchito mnzako akayamba kukugwiragwira, kukuitanira kuchipinda cha katundu chitseko chotseka, kukupatsa timphatso tobisa, kukulonjeza foni kapena fizi, kapena kukutumizira mauthenga usiku, kumeneko si kukoma mtima. Choka, ukauze munthu wamkulu amene umamukhulupirira. Wolakwa si iwe. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi yothandiza ana. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo pa boma pali ofesi ya zantchito ndi ya zosamalira anthu. Makolo, mwana akabwera ndi nkhani yotere, musayambe ndi kufunsa kuti anavala chiyani. Ndipo pa masabata amenewa muzidutsako pa shopupo mwadzidzidzi kamodzikamodzi, ngati mukudzagula mchere. Mwini wake adziwe kuti mwanayu ali ndi eni.

Chakhumi: kutsanzika ndi kalata

Kutatsala sabata imodzi, akumbutse abwana kuti tsiku lakuti ndi lomaliza. Usangosowa ngati mbuzi yodula chingwe. Ambiri amaononga pomaliza penipeni. Tsiku lomaliza bweza chilichonse cha eni, makiyi, epuloni, kaundula, muwerengere limodzi sitoko ndi ndalama kuti pasadzatuluke nkhani iwe utachoka. Kholo lomwe linakubweretsa libwerenso kudzathokoza. Nkhuku si yofunika, mawu okha akwana, ngakhale kambale ka nyemba sikanakanidwepo.

Ndiye upemphe kalata. Eni mabizinesi ambiri sanalembepo kalata yotere, ndiye athandize: tsegula kope lako lija, muone limodzi zomwe wagwira. Kalatayo ikhale ndi dzina lako lonse monga lilili pa mayeso, dzina la bizinesi ndi malo ake, tsiku loyamba ndi lomaliza, ntchito zenizeni zomwe unkachita, ndi mawu awo okhudza kusunga nthawi ndi kukhulupirika kwako. "Ankathandiza pa shopu" ndi mawu opanda mchere. "Ankalandira ndalama, kulemba kaundula wa malonda ndi kuwerenga sitoko madzulo aliwonse" ndiye kalata. Asaine, aike nambala yawo ya foni, ndi chidindo ngati ali nacho. Ya Chichewa ndi yabwinobwino. Ngati mukufuna ya Chingerezi, mphunzitsi akuthandizeni koma mawu akhale a eni ake.

Kalata imeneyi udzaifuna. Si onse amene adzapite ku yunivesite MSCE ikatuluka. Ena mudzafunsira maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, kuti mukalowe m'makoleji ngati Lilongwe Technical, Namitete kapena Salima. Ena mudzayang'ana ku koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire yomwe ili konkuno ku Chongoni. Ena mudzafunsira ntchito pa shopu yaikulu mu Lilongwe, komwe funso loyamba ndi lakuti, "Unagwirapo kuti?" Anzako adzangoyang'ana kudenga.

Sukulu ikatsegulira, ntchito yatha. Abwana akakukonda adzakunyengerera kuti uzibwerabe, ndipo kandalama kaja kadzakhala katayamba kukoma. Ngati uli fomu 1 kapena fomu 3 ndipo magiredi ako sakutsika, Loweruka m'mawa lokha likhoza kutheka, makolo ndi aphunzitsi akudziwa. Ngati ukulowa fomu 2 kapena fomu 4, JCE ndi MSCE zikukudikira, uwauze mwaulemu kuti mudzaonana holide ikubwerayo. Ndaonapo anyamata anzeru amene anayamba ndi Loweruka, kenako Lachisanu la msika, kenako desiki yawo tinapatsa wina.

Kalata ija ukaifotokope kawiri, ujambulenso pa foni ya munthu wa kunyumba. Yeniyeniyo uikulunge mu jumbo pamodzi ndi mapepala ako a sukulu, uiike pansi pa sutikesi, osati kutsindwi komwe kuli chiswe ndi mvula ya Disembala.